Khofi ndinabweretsa zipatso zisanafike

Aphungu,

Ndine mtsikana wa pa yunivesite. Chaka chatha ndinalowa nawo m'kafukufuku wa okisitosini, mankhwala opopera m'mphuno. Tsiku lina ankatipopera ochepa, lina ambiri, kenako n'kutilowetsa m'makina ojambula ubongo tikuyang'ana nkhope za anthu okwiya, amantha ndi osangalala. Anzanga ankangoti ndi mankhwala a chikondi.

Sabata yatha mayi a Muhannad, mnyamata amene akufuna kundikwatira, anabwera kudzandiona. Ine pamaso pa akuluakulu ndimauma pakamwa. Mkulu wanga Dalal ali ndi kabotolo ka mankhwala omwewo, anamupatsa kuchipatala kuti mkaka uzituluka. Ndinapopera, n'kuwonjezeranso. Dalal anati, "Iwe, usandithere mankhwala. Ukufuna uyamwitse apongozi akowo?"

Chikondi sindinachimve. Ndinangoyamba kuona chilichonse pankhope ya mayiwo: tsinya, kukoka mlomo, kuponya maso kukhomo. Mumtima ndinati atopa nane. Zipatso zisanafike n'komwe ndinabweretsa khofi, amene timatsanzikira alendo. Anamwa n'kunena kuti, "Manja ako adalitsike, mwanangu. Tamva." Anatola chikwama chawo.

Mpaka lero foni sinalire, ndipo mayi anga sakundiyankhula. Muhannad ndimamukonda. Kodi ndikawauze mayi akewo kuti anali mankhwala? Kapena ndinapopera ochepa?

R. Q., Irbid

R. Q.,

Okisitosini si shuga woti ukawonjezera supuni tiyi akomerako. Ofufuza aja ankasinthasintha mlingo chifukwa nawonso akadali kufufuza. Ena akuti kwa akazi mankhwalawa amatha kuchititsa ubongo kukhala tcheru ndi nkhope zoopsa. Kaya zinakuchitikira ndi zimenezo, kaya anali mantha wamba, ine sindingadziwe, iwenso sungadziwe.

Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi wodzaona mtsikana wa mwana wake amamanga nkhope mwadala. Tsiku limenelo ndiyo ntchito yake. Mwinanso nsapato inkawathina.

Pepesa kaye kwa mayi ako, uwapemphe aimbire foni mayi a Muhannad kuti mukufuna kukacheza. Nyamulani mbale ya makeke otsekemera aja otchedwa kunafa, pitani awiri. Ukafika unene mwachidule kuti unachita mantha ndipo khofi unafulumira naye. Nkhani ya ubongoyo uisiye kunyumba. Akangomva kuti mtsikana wosakwatiwa anapopera mankhwala a oyamwitsa, pofika Lachisanu mzinda wonse wa Irbid udzakhala ukukuwerengera miyezi.

Kabotoloko bweza kwa Dalal. Anamulembera iyeyo, ndipo wolira ndi njala ndi mwana wake.

Chenjezo langa ndi ili: kumeneko usakawerenge nkhope ya munthu, ukayang'ane thireyi. Zipatso zikayamba kubwera, khala phee udye. Khofi akabwera usanatenthetse n'komwe mpando, imwa, uthokoze, unyamuke. Yankho likhala limenelo, ndipo palibe chopopera m'mphuno chimene chingalisinthe.