Drafuti Imene Munasiya Pawindo

9 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndasankha kulemba papepala chifukwa mauthenga a pafoni mumangowayankha ndi kachala kotukula, kenako zii. Mwina pepala lizikusowetsani mtendere pang'ono mukamaliona patebulo panu.

Kuno drafuti ija idakali pomwe munaisiya. Mukukumbukira tsiku lomwe munkabwerera: munali mkati mwa masewera ndi bambo, galimoto ikuliza hutala panja, inu n'kunena kuti, "Musakhudze, bambo. Ndikafika nditumiza uthenga wa chitsekerero choti chisunthe." Mvula yagwa mpaka yatha chichokereni inu. Thabwalo lili pakatebulo ka pawindo, zitsekerero zanu zoyang'ana kumwamba, za bambo zovundikira. Ndikamasesa ndimalilambalala, chifukwa tsiku lina nditangopukuta fumbi m'mphepete bambo anandikalipira ngati ndaswa galasi la basi imene ankayendetsa ija.

M'mawa uliwonse amavala jekete n'kukakhala pamenepo. "Wasuntha?" amandifunsa. Ine ndimati ndinu otanganidwa, ndipo si bodza. Chithunzi cha thabwalo ndinakutumizirani, munati mawa. Nditakukumbutsani munati Loweruka, kuti mukufuna muganize bwino mutakhala pansi. Koma zithunzi za tinsomba tanu ta m'galasi ndiye zimafika osaphonya. Tinsombato tanenepa, ndakuyamikirani.

Tsopano imvani zimene ndakhala ndikuzemba kunena pafoni. Bambo ayamba kuiwala kwambiri, ndipo adokotala akuti si matenda oti adzachira. Sabata yatha anaika nsapato m'kabati ya mbale. Ine masiku ano amanditcha "mayi inu", ndipo ndikawapatsa madzi amandithokoza mwaulemu ngati mlendo. Ndimakalirira kubafa, ndikatuluka n'kupitiriza kuchapa.

Lachitatu zinandikanika kuwaona akudikira. Ndinagwira foni ngati ndikuwerenga uthenga, n'kunena kuti, "Achimwene atumiza, akuti ichi chipite apa." Ndinasuntha chitsekerero chanu chimodzi. Drafuti ine sindiidziwa. Bambo ankandiitana kuti andiphunzitse ndili mtsikana, ndinkati ndikalemba mayeso, kenako ndinkati ndikapeza ntchito. Choncho matenda omangoti "mawa" ndi apabanja, tisanamizane.

Anayang'ana thabwalo nthawi yaitali. Kenako anatola chitsekererocho n'kuchibwezera pamalo pake.

"Mayi inu, musandinamize," anatero. "Mwana wanga sasewera chonchi. Uyo sapereka chitsekerero chaulere. Ndinamuphunzitsa ndine."

"Ndiye titani, bambo?"

"Timudikira. Amachedwa kuganiza, koma akasuntha umamva kutentha."

Zinandiwawa, achimwene, ndipo ndinakukwiyirani. Ine amene ndimawameta ndevu ndi kuwawenga zikhadabo dzina langa linasowa, pomwe inu akukudziwani ndi kaseweredwe kokha. Mkwiyowo unatha, chatsala ndi mantha. Dzulo ndinawapeza ataloza chitsekerero chawo, akufunsa ngati chimayenda mopingasa kapena molunjika. Patapita kanthawi anakumbukira, n'kudziseka okha. Sindikudziwa kuti adzakumbukiranso kangati. Tsiku likubwera loti adzayang'ana thabwalo n'kungoona zinyalala za m'mabotolo, ndipo tsiku limenelo ngakhale mutabwera ndi thupi lanu lonse, mudzakhala "bambo inu" ngati mmene ine ndakhalira "mayi inu".

Sindikupempha china chilichonse. Mankhwala alipo, zovala zilipo, kuntchito kwanga akundilola kuweruka masana. Ngati tchuthi sangakupatseni, tsegulani chithunzi chija lero lomwe, musanadyetse tinsomba tanu. Musadikire tsiku loti mutu ukhale mwakachetechete, tsiku limenelo kulibe. Ingosunthani momwe mumasunthira, adzadziwa kuti ndinu. Ine ndidzakhala dzanja lanu, ndipo mwina ndiphunzirako pomwepo zimene ndinakana kale.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti juzi imene anatumiza ija, bambo amaivala mkati mwa jekete ngakhale kutenthe. Ana muwauze kuti azakhali awo awasowa. Bambo ndawauza kuti ndikulembera mwana wawo, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi moni woti ndiike pansi pano. Moni sanapereke. Aganiza pang'ono, akuyang'ana pawindo, n'kunena kuti, "Mumuuze kuti sindinakhudze."

Ndine mlongo wanu.