Ndinajambula Chogwada

Lolemba, 2 Juni 1975

Filimu yanga yabwera kotsukidwa. Mphindi zinayi, yopanda mawu. Ophunzira tonse asanu anatipatsa mutu umodzi: nyumba zatsopano za likulu. Kosi yathu yojambula kanemayi ikatha atenga mmodzi yekha woti aziyenda ndi galimoto ya kanema m'midzi. Malo amenewo ndi anga, mnzanga wa m'kalasi Kenani afune asafune.

Anzanga onse anathamangira maofesi a pa Capital Hill. Ine ku Area 11, kumene abambo anga amagwira ntchito ya m'maluwa. Nyumba ya abwana awo inakhala pomwe panali munda wathu wa mtedza. Mango aja alipobe, koma mkati mwa mpanda.

Lachitatu, 4 Juni

Mphunzitsi wathu, a Chikaonda, aonetsa makanema onse pakhoma, ndodo yolozera ili m'manja. Wa Kenani: kamera ikuyenda pang'onopang'ono, mawindo, mawindo, mawindo enanso. Munthu olo mmodzi. Tulo tokhatokha! Akuti ndiye waukhondo.

Wanga amuimitsa katatu. Kuwala ayamikira, poti ndinadikira dzuwa lipendeke. Pomwe ndinadula kuchoka pa khasu kupita pa kapinga, akuti ndili ndi diso. Kenaka abambo adzuka pa maluwa ndi keni yothirira, aatali ngati bulugamu, denga la abwana likuwalekeza m'phewa. Ndodo pakhoma, gwa!

A Chikaonda andifunsa kuti kamera inali pati. Ndati m'manja mwanga, ine ndili chogwada. Kalasi yonse kuseka.

Akuti kamera ikakhala pansi munthu amakula, ndiye timatero ndi akuluakulu odzatsegula nyumba basi. Mawu awo akundiwawabe: “Mwachepetsa nyumba ya boma, mwakuza gadeniboyi.”

Gadeniboyi wa imvi. Akudziwa bwinobwino kuti ndi abambo anga.

Lachinayi, 5 Juni

Zoona zake sindinachite dala. Abambo ndinawapeza atanjuta akupalira. Ndikanaimirira bwanji pamutu pawo? Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kuyamba kujambula pompo. Buku limene a Chikaonda amatiphunzitsira analemba anthu osagwada.

Zolakwa ndikuzivomera. Kumapeto dzanja linanjenjemera. Chithunzi cha geti ndinachidula msanga, munthu sangathe n'kuwerenga nambala. Koma zogwadazo ayi.

A Chikaonda andipatsa chitini cha filimu, chomaliza m'kabati. Ndikajambulenso malo aja, kamera ili pa miyendo yake itatu, molingana ndi maso anga nditaimirira. Oweruza abwera Lachitatu kuchokera ku Blantyre. Ndikakana, akuti dzina langa salitchula n'komwe.

Loweruka, 7 Juni

Chisanu, fumbi. Basi ya ku City Centre yachedwanso, tchire lokhalokha pakati pa tauni ndi tauni.

Ndakumana ndi Kenani pa mlatho wa ku Old Town. Akuti, “Ingojambulanso, achemwali, ukalowa ntchito uzikagwada mmene ungafunire.” Chandinyansa n'choti wanena zanzeru. Ntchitoyi ndikuifuna mpaka mtima kuwawa. Ndatopa n'kugona pamkeka m'kachipinda ka eni kuseri kwa msika. Chabwino, ndipita Lolemba. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Lolemba, 9 Juni

Ndapita. Miyendo itatu paphewa kuchokera pa siteji, phewa lachita kutupa.

Ndaimika kamera pa kapinga, ndaikweza mpaka m'maso mwanga. Moni ndapereka choimirira, koyamba chibadwire. Abambo andiyang'ana, ayang'ana makina. Ndawapempha aime pafupi ndi khonde.

Ndaika diso pa galasi. Nyumba yonse yalowa, mawindo, chumuni, zonse mmene a Chikaonda akufunira. Abambo pakona, kakang'ono. Aika keni pansi. Avula chipewa, achigwira ndi manja awiri pamimba, mutu pansi, mmene amachitira galimoto ya abwana ikamalowa.

“Ndaima bwino apa, madamu?” Sanali kuseka.

Madamu. Ine Elube, amene ankandinyamula paphewa kuti ndithyole mango omwewo.

Chala chinali pa batani. Sindinadine. Ndapinda miyendo ija, ndagwada pa kapinga wonyowa, ndawauza avale chipewa chawo. Andikalipira kuti ndidetsa diresi.

Lachitatu, 11 Juni

Pa benchi, kunja kwa chipinda cha oweruza. Chitini ndabweza chosatsegula. A Chikaonda achitembenuza kawiri, nkhope gwaa. Dzina langa sanalifufute, kaya aiwala kaya bwanji. Pamene dzanja linanjenjemera paja ndadulapo dzulo. Abambo ndawasiya mmene analili, denga m'phewa.

Kenani watuluka akumwetulira. Ngati galimoto ndi yake, ayende nayo, akagonetse anthu ndi mawindo. Mantha ndili nawo. Koma akandifunsa kuti kamera inali pati, ndiwasonyeza. Pansi pomwepo, pa simenti yawo.

Akuitana dzina langa.