Mphindi Zisanu ndi Ziwiri M'dambo la ku Bowie

Bowie, Maryland
28 Meyi 2006

Okondedwa achemwali Laila,

Ndikhulupirira amayi ayamba kudyako pang'ono. Kuno ndili bwino m'thupi.

Ndinakunamizani. Tsiku lomwe ababa anatisiya sindinali m'mayeso ayi, ndinali kudambo.

Sindinakufotokozereni bwino ntchito yanga, chifukwa ababa ankaiseka kuti, "Sukulu yonseyi, ukawerenge mbalame za eni?" Kufupi ndi kuno kuli nkhalango yomera m'madzi, madzi ake akuda ngati tiyi. Mitengo yake amaitcha sweetbay. Masamba ake ndi oyera kunsi, maluwa ake amanunkhira ngati ndimu. Muli akamba, achule ndi njoka zam'madzi. Timalowamo m'mamawa titavala magambuti, n'kuima malo amodzi mphindi khumi, kujambula kulira kwa mbalame pa tepi. Lamulo lake n'lakuti usayankhule, usasunthe. Ukatsokomola, ukuyambiranso.

M'mawa umenewo kanalira kambalame kachikasu komwe tinakafunafuna milungu itatu. Gwendoline, mkulu wa kafukufukuyu, anandigwira mkono. Pomwepo foni inanjenjemera m'thumba. Ndinaisuzumira, ndinaona kuti ndi inu. Zinatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinati ndiimba ndikatha. Inanjenjemeranso kawiri, ine chiimire.

Titatha, netiweki inakana mpaka titafika pamsewu. Ndi pomwe ndinamva uthenga wanu: "Shafi, yankha, ababa akufuna akuuze mawu." Wachiwiri munangolira. Dzuwa lisanafike pamutu kuno, kwanuko munali mutaika kale.

Gwendoline akuti, "Sunadziwe." Koma achemwali, inu simuimba katatu popanda chifukwa. Ndinadziwa. Mwina ndinaopa kumva, mwina ndinaifunadi mbalameyo. Sindikutha kusiyanitsa. Pa tepi ija foni ikumveka pansipansi, ndipo sindinaiperekebe kwa Gwendoline.

A Abubakar, Msilamu mnzathu wa ku Landover kufupi ndi kuno, anasonkhanitsa anthu, tinachita duwa yopempherera ababa. Onse ankandipepesa kuti mayeso anandimana bambo anga, ine n'kumavomera. Pa sadaka ya masiku makumi anayi sindibwera. Ndikatuluka dziko lino, mapepala anga sandilola kubwerera.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze zimenezi kapena ayi, muona inu, poti ndinu mukuwaona nkhope.

Pempho langa ndi limodzi. Munali pambali pawo mutagwira foni. Ngati mawu aja anawanena kwa inu, ndilembereni monga anatulukira. Musawafewetse. Ngati anangodikira osanena kanthu, mundiuzenso.

Ndine mlongo wanu,
Shafi