Nkhope ya a Wilbroad m'machoko atatu

Loweruka, 4 Malichi 2017

Shifiti ya m'mawa ku eyapoti, miyendo ngati si yanga. Masana kalasi yojambula ku holo ya Ballymun. A Gerard, aphunzitsi athu, abwera ndi zithunzi zakale za ku France, za zaka mazana anayi zapitazo. Mafumu ndi akazi awo. Penti ayi, machoko atatu basi: chakuda, chofiira, choyera. Nkhope yosamalidwa mpaka zikope, zovala timizere chabe. Munthu osayang'ana kutsogolo, watembenuka pang'ono ngati wina wamuitana. Akuti aliyense apeze munthu wamoyo womujambula.

Pofika kunyumba, kalata ya landilodi pa firiji. Akugulitsa nyumba. Tonse asanu tituluke pakutha kwa Epulo.

Lamlungu, 12 Malichi

Ndapeza munthu: a Wilbroad a chipinda cha pansi. A ku Chipata, zaka sikisite-thuu, ulonda wa m'mashopu chibwerereni. Avomera msanga mpaka ndadabwa. Atulukira ndi suti ndi tayi, akhala pa zenera la kukhitchini. Akufuna chithunzicho atumizire Mwango, mwana wawo wamkazi amene ali ku Zambia. Iye amaganiza kuti bambo ake ali ndi nyumba yawoyawo kuno kwa azungu. “Munidzazeko masaya, Maness, mwana asaone vovuta.”

Ndalephera. Pepala loyera, ndadetsa ndi choko chakuda mpaka nkhope ngati poto.

Loweruka, 18 Malichi

Ndawaonetsa a Gerard. Akanda mutu. Akuti anthu akale aja ankasiya pepala loyera kuti likhale khungu, poti onse owajambula anali azungu. Zaka zonsezi iwo sanaziganizirepo. Andipatsa pepala lakhaki lakuderako. Ndiyambe ndi chofiira, chakuda pang'onopang'ono, kufafaniza ndi chala, choyera pamapeto pomwe kuwala kwagunda. Ndayesera pa dzanja langa. Kwa nthawi yoyamba khungu langa pa pepala. Ndinafuna kulira m'basi.

Lachitatu, 29 Malichi

Kukaona chipinda ku Crumlin. Mzere mpaka pa geti, ena ndi ana kumanja. Eni chipinda sanandiimbire.

A Wilbroad akhalanso kachitatu kuti ndiwajambule. Kuyang'ana munthu ola lathunthu n'koopsa. Kolala yawakulira. Diso lakumanzere limagwa akatopa. Pansi pa maso khungu lalendewera. A Gerard amati jambula chimene ukuona, osati chimene ukudziwa. Nanga chimene wapemphedwa? Ndinadzaza masaya, nkhope inasanduka ya munthu wina. Ndafufuta.

Iwo malo sanapeze. Akangonena zaka zawo pa foni, chipinda chatengedwa kale.

Lamlungu, 9 Epulo

Chithunzi chatha. Choyera pa mphumi, pa mphuno, kadontho m'diso lililonse. Suti timizere tinayi, monga a ku France aja.

Achiyang'ana nthawi yaitali, tiyi mpaka kuzizira. Kenaka: “Uyu mudala walema.” Ndapepesa, ndati ndikonza masaya. Andigwira dzanja. “Osagwirako. Ni ine.” Achijambula pa foni, alowa kuchipinda kwawo.

Loweruka, 29 Epulo

Ine kwa Jennifer wa kukwaya, pa sofa, mpaka ndipeze pena. A Wilbroad ku hositelo m'tauni, amuna sikisi chipinda chimodzi. Ndawanyamulira chikwama mpaka pa basi. Khoma lopachikapo kulibe, chithunzi chatsala ndi ine, kuseri kwa sofa. Suti aipereka kwa George, mnzathu wa m'nyumba ija. Sanatembenuke pokwera.

Lachiwiri, 2 Meyi

Nthawi yopuma kuntchito, uthenga wa nambala ya ku Zambia. Mwango. Bambo ake anamutumizira chithunzi chija popanda mawu, pamodzi ndi nambala yanga. Akuti wachiyang'ana milungu itatu. “Anti, ndimwe munawaona bwino. Atate ali bwanji zoona?”

Nambala yanga anapereka okha. Ndiye kuti akufuna ndinene ine zimene pakamwa pawo pakukana?

Ndalemba, ndafufuta. Ndalembanso. Belu la shifiti lalira ndili pa mawu akuti “Mwango, bambo ako…”