Masamba Abodza a Lachisanu

Msonkhano wa komiti ya Gulu la Ophunzira Masitazi a ku Soche ndi Chitawira

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Kunyumba kwa Wapampando, ku Soche
Opezeka: Onesimo Dzinyemba (Wapampando), Petronela Semba (Mlembi), Ahmadi Yusuph, Ellen Fole
Osapezeka: Dennis Thole (ali ku Nsanje, anapepesa)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero 2 koloko masana.

2. Kalata ya a Ahmadi
A Ahmadi, omwe anasowa miyezi itatu osayankha foni, anawerenga kalata yosiya sukulu yoti akapereke Lolemba. Anati lamulo lathu loti Lachisanu lililonse munthu azinena pa WhatsApp masamba a thesisi omwe walemba linawathawitsa, poti anzawo ankati khumi, iwo alibe ndi limodzi lomwe. Anati ankadziona ngati mlendo pakati pathu, ndipo kwawo ku Ndirande sanauze munthu chifukwa anthu anayamba kale kuwatchula kuti Dokotala.

3. Kukambirana
Wapampando anayamba kulangiza za kusunga nthawi, monga amachitira. A Ellen anawadula, nati masamba khumi ndi awiri omwe iwo ananena mu Meyi anali a chaputala chakale chomwe anangokulitsa zilembo. Kenako Wapampando anavomera kuti chichokere Malichi sanatsegule ndemanga za supavaiza wawo, akuziopa.

Mlembi, yemwe amalemba zoona zokhazokha m'buku lino, anaulula kuti pa gulupu ankanama, ndipo chisoni cha mumtima chinkamuliza m'minibasi. Nyumba yonse inafa ndi phwete. A Ahmadi anafunsa kawiri kuti, "Ndiye kuti nonsenu munali pa zilo?" Anayankhidwa kuti eya, mokondwa kwambiri.

4. Zogwirizana
Lamulo la Lachisanu lathetsedwa ndi mavoti onse. Tizikumana Loweruka lililonse kulemba pamodzi maola awiri, mafoni ali m'beseni. Wosowa milungu iwiri tizimulondola kunyumba, osati pafoni.

5. Zina ndi zina
Wapampando anatsegula ndemanga zija pamaso pa komiti. Zinali mizere isanu, woyamba ukuti ntchito ili bwino.

A Ahmadi anapempha kuti nkhani yachiwiri ifufutidwe, poti Lolemba sapitanso ku ofesi ya sukulu kukapereka kalata ija. Mlembi anakana kufufuta, koma walemba pempholi ndi chimwemwe chachikulu.

Msonkhano wotsatira: 21 Juni, kwa a Ahmadi ku Ndirande, mwa pempho lawo.
Msonkhano wa lero unatsekedwa 4:10 madzulo.

O. Dzinyemba, Wapampando
P. Semba, Mlembi