Atatseka Kampani ya Alamu

Amalume anga,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno ana ali bwino, akupereka moni.

Mwina mwamva kale. Ofesi yathu, yoyang'anira makampani ogulitsa masheya, yatseka kampani ya alamu, amuna awo a achemwali. Ankagulitsa masheya a anthu eni ake osadziwa. Lamulo silinkandilola kuwachenjeza, ndipo abwana atadziwa kuti ndi abale anga anandichotsa pa nkhaniyo. Komabe tsiku lotseka kampaniyo ndinakaima tsidya lina la msewu. Alamu atatulutsidwa anandiona, anawoloka, n'kundifunsa akumwetulira, "Mlamu, kodi mwadya?" Kenako anapita.

Kunyumba sanafike mpaka lero. Popita kuntchito ndimadutsa pa kampani yawo ija, ndipo pawindo ndimaona jekete lawo lili pampando, ngati angotuluka pang'ono. Nthawi zina ndimamva funso lija kumbuyo kwanga, koma ndikacheuka palibe munthu.

Achemwali sakundiyankhula. M'mawa uno apolisi anawaitana kuti akaone mtembo wa munthu wina umene wapezeka kumtsinje. Sanabwerebe, ndipo ine sindinawaimbire foni.

Ngati mungathe, amalume, bwerani msanga. Musaiwale suti yanu yakuda ija.

Ndine mwana wa mlongo wanu.