Zitsamba Zisanu ndi Ziwiri pa Pulani ya Msewu

Chama
14 Sepitembala 2023

Okondedwa achimwene Hosea,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni ndikhoza kungolalata mpaka mayunitsi kutha, inu osamva mutu wa nkhani.

Gireda yolambula msewu yasalaza manda athu ku Tembwe. Ndikunena pamudzi wakale paja munasamukapo chifukwa cha madzi osefukira, pomwe anagona amayi ndi abale ena asanu ndi mmodzi. Mafupa sanafukuke, inangopala pamwamba. Koma mitumbira, miyala ndi timitanda tonse zapita, pangoti see ngati bwalo la mpira.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi kujambula mapulani pakompyuta. Kampani yathu itapatsidwa msewu wopita kusukulu yatsopano, ndinachita kupempha kuti chigawo chimenecho ndijambule ndine, kuti msewu ulambalale manda. Pa pulani chinthu chilichonse chili ndi chizindikiro chake: mtengo, mjigo, mlatho, chitsamba. Zizindikirozo zimabwera zopangiratu, ndipo amene anazipanga sanaganizeko za manda a kumudzi. Tsono ndinatenga cha chitsamba, n'kufufuta masamba, n'kujambulapo kamtumbira ndi mtanda, pambali n'kusiya kampata kolembapo dzina. Mu Meyi ndinapita kumandako ndi azakhali NyaGoma, iwo akuloza ndi ndodo, ine ndikuyeza ndi kulemba mayina mu laputopu. Ndinabwerako ndikudzitama kuti ndagwira ntchito ya nzeru.

Muofesi mwathu muli mnzanga wina, Teddy, wochokera ku Lusaka. Munthu wa tayi ngakhale dzuwa la kuno likuswa mtengo, ndipo chilichonse chimene sanachigwire iye amati n'chosalongosoka. Mu Julayi, ine ndili ku maliro a azakhali omwewo, anatsegula fayilo yanga. Analowetsamo zizindikiro zatsopano zochokera kulikulu, n'kulamula kompyuta kuti zonse za dzina limodzi zifanane. Kompyuta sidziwa maliro, achimwene, imangomvera. Manda onse asanu ndi awiri anasanduka zitsamba, mayina n'kufufutika. Ataona kuti msewu ukukhota pozemba zitsamba, anauwongola, n'kupulinta, n'kupereka kwa kontirakitala. Nditabwerako ananditumiza ku ntchito ina ku Chikwa, ndipo pulani ija sindinaionenso.

Ndinamva Lachisanu lapitali kwa mayi wina wa ku Tembwe amene anathamangira gireda akukuwa, koma anafika zitatha kale. Ndinalowa muofesi n'kufunsa za pulani ija. Teddy anangotambasula manja.

“Manje ine ningazibe bwanji, Virginia? Pa pulani nenze kuona visamba chabe. Msewu siungakhote chifukwa cha visamba.”

“Nanga pakamwa ulibe?” ndinatero. “Foni ulibe? Unaona munthu wamisala atajambula pulani imeneyo, woti n'kukhotetsa msewu popanda chifukwa?”

“Wenze pa maliro, sinenze kufuna kukuvuta.”

Mwamva? Sanafune kundivutitsa pa maliro amodzi, ndiye anandifafanizira asanu ndi awiri! Safunsa anadya phula, koma uyu phula lake watidyetsa ife. Ndinamuuza mawu ena amene sindingalembe m'kalata yopita kwa inu, ndipo sindinapepese. Mpaka lero sitikupatsana moni.

Koma pali zimene sindinauze munthu aliyense, ngakhale abwana. Chizindikiro chija nditachisintha, sindinachipatse dzina latsopano. Pamaso chinali manda, koma m'kati mwa kompyuta chinkatchedwabe chitsamba. Ndikanangosintha dzinalo, ntchito yosatha ndi mphindi imodzi yomwe, Teddy akanalowetsa zizindikiro zake zonse, manda athu osakhudzidwa. Ndinati ndichita mawa. Fayilo sindinakopere pena, mayina sindinalembe m'kope. Ndiye ndikamamukalipira Teddy, theka la mawuwo ndimakhala ndikudzinena ndekha, ndipo zimenezo n'zimene zikundikwiyitsa koposa.

Chinanso chimandichititsa manyazi. Tsiku lija azakhali anaima pamanda ena n'kunena kuti, “Apa ndiye pali amayi ako, mwanawe.” Ine maso anali pa makina oyezera, ndikudandaula kuti batire ikutha. Ndinalemba dzina, n'kunena kuti tiyeni pena. Sindinagwade, sindinayang'ane n'komwe kuti pafupi pali mtengo wanji. Ndinkati zonse zili mu laputopu, ndidzabweranso tsiku lina ndi maluwa.

Abwana apepesa kwa anthu a ku Tembwe. Msewu ubwerera pomwe ndinaukhotetsa, ndipo pa 30 mwezi uno amisiri adzaumbanso mitumbira ya simenti ndi kulembapo mayina. Malo ake tikuwadziwa, chifukwa zitsamba zija pa pulani zaima ndendende pomwe panali manda. Chimene sitikudziwa n'chakuti wagona pati ndani. Okalamba a m'mudzi ndawafunsa, aliyense akuloza pake, awiri mpaka anakangana. Akuti tingolemba mayina onse pa mwala umodzi. Ine ndakana. Amayi sanali gulu la anthu, ndipo sindilola kuti dzina lawo likhale pamutu pa munthu wina.

Ine pamene amayi ankaikidwa ndinali ndi zaka zinayi, amalume n'kunditenga kupita nane ku Chipata. Inu munali wamkulu, munagwira nawo khasu tsiku limenelo. Ndaika pulaniyo mu envulopu yomweyi. Kumtunda kwa pepala ndi kumpoto, mzere wokhotakhota ndi kamtsinje kaja, ndipo zitsamba ndazipatsa manambala kuyambira 1 mpaka 7.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti chitenje chija ndinalandira. Ana muwapsompsone. Mukafuna kundikalipira mudzandikalipire, ndidzakhala chete. Koma choyamba khalani pansi, mukumbukire bwino, mutenge cholembera muzungulize nambala imodzi. Ngati nanunso mwaiwala, musandinamize pofuna kunditonthoza. Mungobweza pepalalo lopanda kanthu, ndidzamva.

Ndine mlongo wanu,
Virginia